Zotsala Zonse Zipite kwa Mzime

1

Ndinagwira ntchito yotaipa mu ofesi ya loya kwa zaka 22 ndi miyezi inayi. Pa zaka zonsezo ndinataipa mawilo 614 ogawira chuma chamasiye, ndipo khoti silinabwezepo ngakhale imodzi. Ya 615 sinalowe m'kaundula wa ofesi. Ndinaitaipa kwaulere pa nthawi ya nkhomaliro, inali ya bambo anga ondibereka, ndipo ndi yokhayo imene inaliza anthu akuluakulu a ndevu zawo.

Tinabadwa atatu. Oyamba ndi achimwene, amene tonse timawatchula kuti a Dayilekita kuyambira tsiku limene anasindikitsa makhadi olembedwa udindo umenewo. Shopu inali ya bambo, yogulitsa simenti, malata, misomali ndi penti, ndipo antchito analimo anayi. Chimene a Dayilekita ankayendetsa m'menemo ndi mpando wozungulira umene anagula ndi ndalama za m'dirowa. Wachiwiri ndine. Wotsiriza ndi mng'ono wanga, amene dzina lake lenileni linatsalira pa khadi la kusikelo; aliyense amangoti Mzime.

Nthawi imeneyo Mzime anali ndi zaka 34, koma nzeru zake zinaima pa msinkhu wa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Sawerenga, ndalama sazidziwa. Koma mukamupatsa thumba la misomali, mabawuti ndi mawashala zosesedwa pansi m'shopu, pofika madzulo mudzazipeza m'zitini, chilichonse kwa anzake, osaphonya ndi chimodzi chomwe. Chipinda chake ndi chakumbuyo kwa nyumba ya bambo. Muli bedi, mashelefu atatu, ndi zenera loyang'ana pampopi. Zitini zinalipo 41. Tinayesapo kamodzi kumugoneka kwina, kunyumba kwanga, pamene ankapenta nyumba ija. Anatha masiku anayi osadya, atakhala pansi kuyang'ana chitseko. Dokotala anati tisadzabwerezenso.

Mayi ankamudziwa mwamuna amene anakwatiwa naye, ankamudziwanso mwana wamwamuna amene anabereka. Kutatsala chaka kuti amwalire anakwera masitepe a ofesi yathu, akupumira panjira, ndi kumutsegulira Mzime trasti. Kwa amene simunamvepo: trasti ndi pangano lolembedwa loti chuma chikhale m'manja mwa osunga, osati kuti adye iwo, koma kuti chizithandiza munthu amene sangathe kuchisamala yekha. Osunga tinali awiri, abwana anga ndi ine. Munalowa tindalama ta mayi ta zosokasoka, tokwana mankhwala ndi nsapato basi. Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati mayi agula loko wamkulu wotsekera bokosi lopanda kanthu.

2

Bambo anagwa m'shopu Lolemba pa 11 Januwale. Sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanzere, koma mutu inausiya, ndipo pakamwa panabwerera patatha milungu itatu. Ndikunena izi mwadala, muzisunge: mutu wawo unali bwinobwino. Ankakumbukira mtengo wa malata wa chaka chatha ndiponso dzina la aliyense amene anawalakwirapo.

Asanatuluke m'chipatala, achimwene ndi akazi awo anali atasamukira kale m'nyumbamo, ati kudzasamala odwala. Alamu anga ndi mtundu wa anthu amene amalowa m'nyumba ya eni pakamwa pakupereka moni, maso ali pa makatani. Sabata yoyamba anasintha malo a mipando. Yachiwiri makiyi a kabati ya mayi anapezeka m'chikwama chawo. Kusambitsa odwala ndi kuwatembenuza inali ntchito ya nesi wolipidwa. Alamu ankabwera pa nthawi ya alendo, supuni ili m'manja.

Lamulungu pa 21 Febuluwale ndinafika masana ndi kuwapeza m'chipinda cha Mzime, akuyeza khoma ndi tepi. Nsonga ina ya tepiyo anamugwiritsa Mzime mwini wake, amene anaima pakona akumwetulira, kusangalala kuti wapatsidwa ntchito.

Ndinafunsa ngati akufuna kumugulira kapeti.

"Muno mukwana mabedi awiri osanjikiza," anatero alamu, osandiyang'ana. "Ana a kukoleji akuvutika malo ogona. Nyumba yonseyi ingatenge ana makumi atatu."

"Nanga mwini chipindachi?"

Anandifotokozera mokoma, ngati akuphunzitsa wantchito watsopano, kuti kunja kwa tauni kuli malo osungirako anthu otere, a mpanda wabwino, ndipo Mzime akapezako anzake. A Dayilekita anali atapitako kale kukafunsa mtengo. Anasankha chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi chifukwa, mwa mawu awo, Mzime amakonda anthu. Za zitini, alamu anati kumeneko salola zinthu zosongoka.

"Ndagwira bwino, alamu?" anafunsa Mzime.

"Wagwira bwino, mwana wabwino iwe. Usasunthe."

Ndinatuluka m'chipindamo. Pa ntchito yanga ndinaona anthu ambiri akukuwa, akulira, ena kukomoka pa kapeti ya abwana. Palibe nyumba imene inasintha mwini chifukwa cha phokoso. Imasintha ndi pepala.

3

Pepalalo linabwera Lachinayi pa 4 Malichi, nthawi ya 12:40, abwana atapita kukhoti. Achimwene analowa ndi pafyumu wodzaza ofesi yonse, nakhala pampando wa makasitomala osauzidwa, ndi kuponya patebulo panga tsamba long'amba m'kope.

"Taipisiti, tandimenyere ichi. Chioneke ngati zanuzi."

Dzanja linali lawo, koma mawu anati ndi a bambo. Shopu ndi katundu wake yense, nyumba yaikulu, nyumba ziwiri za lendi, lole ndi ndalama za kubanki, zonse kwa mwana wanga wamwamuna. Chilichonse anachitchula ndi nambala yake, mpaka nambala ya injini ya lole. Pansi penipeni panali dzina langa ndi puloti ya kuseri kwa njanji, imene imakhala m'madzi miyezi inayi pa chaka.

"Yako imeneyo. Usamati sitikuganizira."

Ndinawauza kuti abwere ndi bambo kwa abwana, wilo ilembedwe mwa dongosolo. Anaseka. Anati sangalipire munthu wa mkanjo wakuda pa ntchito imene mlongo wawo amaigwira tsiku ndi tsiku ndi zala zake. Loya, anatero, ndi taipisiti amene anachedwa kusukulu. Kenako anatsitsa mawu ndi kuyang'ana kuchitseko. Maloya amadya limodzi ndi anthu a msonkho. Lendi ya nyumba ziwiri zija sinalipiridwepo msonkho chimangireni, ndipo munthu akafa boma limadzadulanso gawo lake pa chuma chamasiye. Iwo anali ndi njira zawo zoti zonsezo zidutsire pambali. Zoti wilo yotchula nyumbazo ndi manambala ake idzakathera kukhoti, kumene pepala lililonse limawerengedwa, sanaziganize. Ine sindinalembedwe ntchito yowaganizira.

Anali atakonzanso kuti pa 10 Malichi dokotala adzawayeze bambo ndi kulemba kalata yoti mutu wawo ndi wabwino, kuti wina asadzati mdala anasaina atasokonezeka. Potchula mawu oti wina, anandiloza ndi makiyi a galimoto.

Ndinawerenga tsambalo kawiri. Kenako ndinawauza zoona: wilo yolembedwa bwino imakhala ndi ndime yomaliza yonena kumene zotsala zidzapite, ndiko kuti zinthu zimene sizinatchulidwe, kapena zimene zalephera kufika kwa amene anapatsidwa. Mawu omalizawo ndinawanena momveka bwino. Iwo anali akuyankha uthenga pa foni.

"Zotsala zake ziti? Mipando yothyoka ndi zitini? Zilembe kwa Mzime. Naye asadzati tinamumana."

Ndinati Mzime sangalandire kanthu m'manja mwake, ziyenera kulowa m'trasti ya mayi ija.

"M'bokosi lopanda kanthu lija? Ponyamo."

Ndinataipa tsiku lomwelo. Masamba awiri, ndime zisanu ndi zinayi, popanda cholakwa.

4

Lachinayi lotsatira, pa 11 Malichi, ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku ndi kupita kwa bambo pa nthawi imene ndinkadziwa kuti alamu ali kokonzetsa tsitsi. Ndinakhala nawo mphindi 25, chitseko chili chotseka. Ndinawawerengera wiloyo ndime ndi ndime, ndi kuwafunsa mafunso atatu. Mayankho awo ndiwasunga kaye.

Kusaina kunali Loweruka pa 13 Malichi, 10 koloko m'mawa. Bambo anawakhazika pa njinga yawo ya odwala kumutu kwa tebulo lodyera, atawaveka jekete ndi tayi. Kalata ya dokotala inali pambali, chidindo chili mbee. Alamu anayala nsalu yatsopano patebulo ndi kuvala ngati akukajambulitsa.

Wilo imafuna mboni ziwiri zoona mwini wake akusaina, onse ali pamalo amodzi. Achimwene anali ataitana anthu awiri a kushopu, kalaliki wa pakauntala ndi dalaivala wa lole. Anafika 9:50, nsapato zopolisha, naima pakhonde zipewa zili m'manja. Ndinawaitanira achimwene pambali, pampopi paja, ndipo tinalankhula mphindi zosakwana ziwiri. Atabwerera anawauza amuna aja kuti panalakwika, abwerere kuntchito, shopu singakhale yopanda anthu Loweruka. Dalaivala anafunsa za ndalama ya basi. Sanapatsidwe.

"Za m'banja zithere m'banja," anatero achimwene polowa. "Taipisiti asaina, mayi akunyumba asaina. Anthu awiri, si choncho?"

Ndinati inde, lamulo limati awiri.

Bambo anasaina 10:14 ndi dzanja lawo lamanja. Alamu analandira cholembera ngati akulandira mphete. Siginecha yawo inadya mizere iwiri, ya mchira wopindika. Pansi pake pali malo olembapo ntchito ya mboni, ndipo anandifunsa kuti alembepo chiyani. Ndinati alembe zoona. Anaganiza pang'ono, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mkazi wa Dayilekita.

Ine ndinasaina pomaliza, 10:17. Mzime analowa ndi tiyi pa thireyi, makapu asanu, osataya ngakhale dontho.

5

Bambo anamwalira Lolemba pa 9 Ogasiti. Za maliro sindinena zambiri. Achimwene ankalira mokweza pakakhala anthu, ndipo tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri ndi mmisiri, akukambirana zogumula khoma la khitchini. Alamu anayamba kulongedza zitini za Mzime m'makatoni. M'mawa uliwonse Mzime ankazibwezera pa mashelefu, osakwiya, poganiza kuti ndi masewera atsopano. Malo aja a kunja kwa tauni anamulembera kuti akalowe pa 1 Okutobala.

Koma banki ndi ofesi ya malo sizimvera khadi lolembedwa Dayilekita. Zimafuna chikalata cha khoti. Choncho Lachisanu pa 27 Ogasiti achimwene anakakamizika kukwera masitepe a ofesi yathu, wilo ili mu envulopu, akazi awo ali pambuyo. Anasankha abwana anga poganiza kuti awatsitsira mtengo chifukwa cha ine.

Abwana ndi munthu wachikulire, wochepa thupi, amene amawerenga pepala ndi rula, mzere ndi mzere. Ine ndinakhala pakona ndi kope langa monga mwa masiku onse. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, nafika pa masiginecha. Rula inaima. Anavula magalasi.

Anafunsa alamu ngati siginecha ya mchirayo inali yawo. Anavomera monyadira. Anawafunsanso ngati pa 13 Malichi anali kale pabanja ndi achimwene. Alamu anati zaka 19, setifiketi yomwe ilipo, ngati akufuna akaitenga.

"Wiloyi ndi yabwino," anatero abwana. "Yalembedwa bwino, yasainidwa bwino, khoti liilandira. Koma inuyo bambo simulandirapo kanthu."

Achimwene anamwetulira, kudikira kuti nthabwala ifike kumapeto.

Abwana anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu amene sakufuna kumva. Mboni ya wilo siloledwa kupindula ndi wiloyo, ndipo mwamuna kapena mkazi wa mboni chimodzimodzi. Wilo imakhalabe yamoyo, koma mphatso ya munthu woteroyo imafa. Shopu, nyumba zitatu, lole ndi za kubanki zinapatsidwa kwa mwamuna wa mboni yoyamba. Puloti inapatsidwa kwa mboni yachiwiri. Zonsezo zagwa.

"Zagwera kuti?" Mawu a achimwene anatuluka ang'onoang'ono, ngati a munthu wina.

Rula inakwera kufika pa ndime yachisanu ndi chinayi. Abwana anawerenga mokweza: zotsala zonse, pamodzi ndi mphatso iliyonse imene yalephereka, zipite ku trasti ya mwana wanga wotsiriza.

Kenako alamu anawerama, nafunsa monong'ona ngati tili ndi utoto woyera uja wofufutira.

6

Achimwene anatembenukira kwa ine. Ananditchula mfiti, njoka, mbeta yansanje, ndi zina zimene magazini ino singasindikize. Ndinadikira amalize. Kenako ndinawakumbutsa kuti ine ndi taipisiti chabe, mwa mawu awo omwe. Kuti ndinawauza abwere kwa loya iwo nakana. Kuti amene anabweza mboni pakhonde ndi iwo, pamaso pa anthu. Ndiponso kuti nanenso ndataya puloti.

"Munthu angataye puloti yake dala, achimwene?"

Achimwene anayang'ana abwana. Za pampopi paja sanazitchule, chifukwa kuzitchula kunali kuulula pamaso pa loya chimene ankabisa. Pamene anadzayamba kuzilengeza kwa achibale, miyezi itapita, panalibenso wowakhulupirira. Puloti ya m'madzi ija inandigwirira ntchito yoposa mtengo wake.

Anapita kwa maloya atatu, ndipo uku analipira. Woyamba anawauza zomwe ananena abwana. Wachiwiri anati njira ilipo imodzi: kugwetsa wilo yonse ponena kuti bambo sanali bwino m'mutu, kuti chuma chigawidwe ngati panalibe wilo. Achimwene anayenda mapewa ali m'mwamba sabata imodzi, mpaka abwana anatumiza kope la kalata ya dokotala ya pa 10 Malichi, imene iwo eni anaitanitsa, risiti yake ili m'dzina lawo. Wachitatu anawalandira kawiri, nawauza zomwe ananena woyamba.

Pa 1 Okutobala panafika, panadutsa. Mzime anatha tsikulo akusankha mawashala.

Khoti linavomereza wiloyo pa 19 Novembala. Abwana analemba chuma chonse pa fomu ya msonkho, nyumba za lendi zomwe, ndi zaka zonse zimene lendi inkadutsa pambali. Boma linatenga gawo lake ndi chindapusa pamwamba, ndipo lole inagulitsidwa kuti zimenezo zitheke. Shopu inaperekedwa kwa kalaliki uja wa pakauntala kuti aziyendetsa pa malipiro. Zinapezeka kuti ndi amene ankaiyendetsa kale. A Dayilekita anapatsidwa mwayi wotsala pa ntchito yogulitsa. Anakana. Anatuluka m'nyumba ya bambo pa 30 Novembala, makatani ali pamwamba pa katundu. Mpando wozungulira unatsala, chifukwa unali m'kaundula wa katundu wa shopu.

Achibale anagawikana. Ena anati ndi tsoka, ena anati Mulungu waweruza. Ndinawasiya onse. Anthu amakonda kumupatsa Mulungu ntchito za mataipisiti.

7

Lolemba pa 6 Disembala abwana anandiitana, nandiuza nditseke chitseko. Sanandiuze kuti ndikhale.

Anafunsa kuti ndataipa mawilo angati mu ofesi muno. Ndinati 614. Anafunsa kuti pa zaka zonsezi ndi kangati ndinatulutsa mkazi wa munthu m'chipinda chosainira ndi kukaitana munthu wa ofesi yoyandikana kuti akhale mboni m'malo mwake. Ndinati sindinawerenge.

"Inu mumawerenga chilichonse, mayi."

"Ka 87."

Anagwedeza mutu. Kalaliki uja anali atawauza kuti tsiku losaina anationa ine ndi achimwene pampopi. Anafuna kudziwa zimene ndinanena. Ndinawauza, ndipo tsopano ndikuuza inu.

Ndinawauza achimwene kuti mboni imayenera kuwerenga wilo yonse isanasaine, tsamba ndi tsamba. Kuti kalaliki ndi dalaivala aona nyumba za lendi, manambala a kubanki, zonse. Ndiponso kuti dalaivalayo ali ndi mlamu wake ku ofesi ya msonkho, amamwera limodzi. Linali bodza. Mboni siwerenga kanthu, imangoona dzanja likusaina. Pepala mukhoza kuliphimba ndi buku. Mlamu wa dalaivala ndinamupeka pomwepo, nditayang'ana mpopi ukudontha. Dzina la alamu sindinalitchule. Panalibe chifukwa. Ndinali nditawadziwa achimwene zaka 46: mukawaopseza ndi msonkho n'kuwasiyira njira yaulere, amathamangira yomweyo okha, n'kumadzitama kuti aitulukira.

Kuchokera tsiku losaina kufika tsiku la imfa panadutsa masiku 149. Tsiku lililonse mwa amenewo cholakwacho chikanakonzeka pa mphindi khumi: pepala latsopano, anthu awiri akunja. Ndinkapita kukawaona bambo Lamulungu lililonse. Ndinkawasendera malalanje.

Abwana anali ndi funso limodzi lotsala. Kodi bambo ankadziwa? Kodi iwo ndi ine tinapangana kumupulumutsa Mzime mwa njira imeneyi? Ndinaona pankhope pawo kuti ankafuna ndivomere. Achibale ambiri amakhulupirira zimenezo mpaka lero, zoti mdala anamutchera mwana wake msampha ali pa njinga. Zimawagonetsa tulo tabwino.

Nawa mafunso atatu a pa 11 Malichi aja. Ndinawafunsa bambo ngati achimwene awakakamiza. Anati chibadwire palibe anawakakamizapo, maganizo ndi awo, mwana anangogwira cholembera. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti Mzime achotsedwa m'nyumbamo. Anati akudziwa, mtengo wa malowo anauona, si woipa. Ndinawakumbutsa masiku anayi aja osadya, ndi kuwafunsa ngati akumvetsa chimene chidzamuchitikire.

"Adzazolowera kapena sadzazolowera," anatero bambo. "Ine kudzakhala kulibe. Ndamudyetsa zaka 34, zakwana. Chuma ndinachivutikira ine, sichingathere pa munthu wosankha misomali."

Kenako anapempha kuti ndiwakonzere pilo. Ndinawakonzera.

Choncho musanditenge ngati munthu amene analanditsa chifuniro cha bambo ake m'manja mwa mwana wadyera. Chifuniro chawo ndinachimva ndi makutu anga, iwo ali bwinobwino, ndipo ndinachipha ndekha, mwa dongosolo, pa masamba awiri.

Abwana anavula magalasi. Kenako anati ntchito yathu yonse yaima pa chinthu chimodzi, choti womwalira amvedwe, ngakhale akhale wouma mtima chotani. Chigamulo cha khoti sakanachigwetsa, ndipo Mzime sanalakwe kanthu. Koma ine sakanandisiyanso pafupi ndi wilo ya munthu. Tsiku lomwelo ndinalemba makalata awiri, yosiya ntchito ndi yotula pansi udindo wosunga trasti. M'malo mwanga munalowa a kubanki. Makalata onse awiri ndinataipa ndekha, ndipo abwana anawawerenga ndi rula. Sanapezemo cholakwa.

8

Papita zaka ziwiri. Ndimataipa makalata ofunsira ntchito m'kashopu ka fotokope pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Achimwene amagulitsa matayala akale, ndipo khadi lawo latsopano likuti Dayilekita Wamkulu. Kuyambira pa 30 Novembala paja, iwo kapena akazi awo sanapondekonso kunyumba ija. Mzime ali m'chipinda chake. Ali ndi mayi womusamalira wolipidwa ndi trasti, ndipo ine ndimafika Lamulungu ngati mlendo, chifukwa nyumbayo si yanga ndipo sidzakhala yanga. Pangano la mayi limati Mzime akadzatisiya, chotsala chidzapite ku sukulu ya ana onga iye.

Inu owerenga, musadikire kuti ndilira. Ndinanama, ndinawapereka bambo anga ondibereka, ndipo Loweruka lija litabwerera ndingawaitanirenso achimwene pampopi. Koma sindikulemba kuti munditsanzire. Ndikulembera inu amene muli ndi kanyumba, kashopu, ndi mwana mmodzi amene sangadziyankhulire. Kwerani masitepe a loya miyendo ikadali yanu, ndipo mumulipire. Msonkho perekani, achimwene anataya zambiri pouthawa kuposa zimene ukanawadula. Mboni zikhale anthu akunja, amene sadyapo kanthu, iwo kapena akunyumba kwawo. Ndipo ngati muli ndi Mzime wanu, muikireni chake papepala lero, ngakhale chichepe, monga anachitira mayi anga ndi tindalama ta zosokasoka. Bokosi limene bambo analiseka ndi limene linalandira zonse. Koma likanakhala lopanda kanthu mpaka lero m'banjamo mukanapanda munthu wodziwa kunama mwaukhondo, ndipo si banja lililonse lili ndi taipisiti.

Musaganizenso kuti woteroyo amathokozedwa. Pa shelefu ya pamwamba Mzime ali ndi chitini chimodzi chimene salola munthu kuchigwira, cha mabawuti amkuwa, osowa aja, amene amawapukuta ndi nsalu limodzilimodzi. Lamulungu lapitali ndinamufunsa kuti ndi cha ndani.

"Cha alamu," anatero. "Akabweranso ndi tepi ndiwapatsa. Anati ndine mwana wabwino."

Ndinayang'ana mashelefu onse atatu. Zitini zafika 47. Changa palibe.